Phunziro la Lero: Chithunzi cha M'buku Chimachokera Kuti?

Khalani pansi, ana inu. Amene muli kumbuyoko senderani kuno, chifukwa zimene ndikufuna muone lero ndi zing'onozing'ono kwambiri. Tsegulani buku lanu la Chichewa patsamba lililonse pamene pali chithunzi. Mawu asiyeni kaye. Yang'anitsitsani chithunzicho, kenaka mundiyankhe: anachipanga ndani?

Ndamva. Ena mukuti makina, ena mukuti boma, ndipo wina pakona apo wati kompyuta. Makina anasindikizadi. Boma linaguladi mabukuwa n'kuwatumiza mpaka kuno kwa Ngokwe. Koma makina sadziwa mmene mbuzi imapindira miyendo ikamagona, kapena mmene mayi amapendekera khosi akasenza ndowa yodzaza. Alipo munthu amene anakhala pansi, pensulo m'manja, n'kukoka mzere woyamba papepala loyera. Analakwitsa, anafufuta, anayambiranso. Pepala limene munthuyo analigwira ndi manja ake ndilo tiphunzire lero.

Tiyambe ndi kulongosola mawu, poti Chichewa chathu chimatha kutisokoneza pamenepa. Munthu akatenga foni n'kukutola, timati wakujambula. Wina akatenga khala n'kulemba nkhope yako pakhoma, timatinso wakujambula. Zonse ziwiri timazitcha chithunzi. Ndiye m'phunziro lino tisiyanitse zinthu zitatu: chojambula ndi kamera, chojambula pamanja, ndi chosindikiza. Chimene chili m'buku mwanumo ndi chosindikiza. Chithunzi chomwecho chili m'manja mwa mwana wa ku Chitipa, chilinso m'manja mwa mwana wa ku Nsanje, ndipo zonse n'zofanana ngati njerwa zochokera m'chikombole chimodzi. Koma chojambula pamanja chimene chinabala zonsezo n'chimodzi chokha padziko lonse. Chimenecho tizichitcha pepala loyamba. Lembani m'makope mwanu: pepala loyamba.

Mutakhala ndi mwayi woligwira pepala loyamba, chinthu choyamba kukudabwitsani chingakhale kukula kwake. Ojambula ambiri amajambula chachikulu kuposa chimene chidzalowe m'buku, chifukwa osindikiza akachichepetsa mizere imaoneka yakuthwa ndipo timabala tating'ono timabisika. Mungaonenso mizere ya pensulo imene sinafufutike bwino pansi pa inki, pamene mwendo wa kalulu unayamba waloza kwina. Mungaone utoto woyera wopakidwa pamwamba pa cholakwa. M'mphepete mungapeze mawu olembera osindikiza, onena kukula kumene chithunzicho chikhale ndi tsamba limene chikalowe. Nthawi zina pamakhala ngakhale chidindo cha chala cha mwiniwake, pamene anagwira inki isanaume. Zonsezi m'buku simuzipeza. Buku limationetsa pamene wojambula anafika, koma pepala loyamba limationetsa njira imene anadzera, ndipo kwa munthu wofuna kuphunzira luso, njirayo ndiye yofunika kwambiri.

Tsopano landirani galasi lokuzira zinthu ili, muzipatsirana mzere ndi mzere. Liikeni pa chithunzi cha mitundumitundu, pamene pali masamba obiriwira. Mukuona chiyani? Timadontho. Makina ambiri osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi zokha: yabuluu, yofiira mopita ku pinki, yachikasu ndi yakuda. Inki yobiriwira mulibemo. Amadontheza timadontho tachikasu pafupi ndi tabuluu, ndipo diso lanu ndi limene limasakaniza n'kuona chobiriwira. Zili ngati dimba la mpunga kudambo la ku Chiuta: ukaliona uli patali ndi nsalu imodzi yobiriwira, ukafika pafupi ndi mapando apaderapadera okhala ndi madzi pakati. Papepala loyamba palibe timadontho totere. Pali utoto weniweni, pena wokhuthala, pena wopyapyala mpaka pepala kuonekera. N'chifukwa chake chosindikiza, kaya chikongole chotani, sichifikapo pa chimene wojambula anaona patebulo pake.

Kale ntchitoyi inali yowawa kuposa lero. Ndikupatseni chitsanzo cha buku lina lotchuka la ku England, Alice's Adventures in Wonderland, lolembedwa ndi Lewis Carroll, limene linatuluka mu 1865. Zithunzi zake 42 anajambula ndi John Tenniel. Nthawi imeneyo kunalibe makina otengera chithunzi papepala n'kuchilowetsa m'kompyuta. Tenniel ankajambula ndi pensulo, kenaka n'kusamutsira chojambulacho pa kachidutswa ka mtengo wolimba kosalazidwa bwino. Kachidutswako kankapita kwa amisiri osema, abale a banja la Dalziel ku London. Iwo ankagoba ndi timipeni tosongoka malo onse oyenera kutuluka oyera, n'kusiya mizere yokha itatumphuka kuti ndiyo itenge inki.

Ndabwereka chidindo cha sukulu kwa ahedi kuti mumvetse. Taonani kunsi kwake. Zilembo zatembenuka, sichoncho? Koma ndikadinda papepala zikuwerengeka bwinobwino. Momwemonso ndi kachidutswa ka mtengo kaja: chimene chili kumanja pamtengo chimatuluka kumanzere papepala. Ndiye wojambula ankayenera kuganiza mobwerera. Ndipo mpeni ukaterereka n'kudula mzere wofunika, panalibe chofufutira. Kukonza kwake kunali kovuta zedi. Amene munadutsapo msewu wochoka ku Liwonde kupita ku Zomba munaona amisiri osema ziboliboli ndi mipando ya mafumu. Tangoganizani mmisiri woteroyo akusema tsitsi la mwana, limodzilimodzi, pa kamtengo kokwana m'chikhatho.

Chimene ndimamulemekezera Tenniel ndi ichi. Mabuku 2,000 oyamba atasindikizidwa, iye anaona kuti zithunzi zake sizinatuluke bwino, ndipo anadandaula. Carroll anamvera. Anaimitsa kugulitsa mabukuwo ku England, n'kulipira ndalama zake kuti asindikizidwenso. Wolemba anataya ndalama chifukwa cha mawu a wojambula! Pamenepa muone kuti chithunzi cha m'buku la ana si chokometsera chabe ngati maluwa a pansalu ya patebulo. Ndi theka la bukulo. Tizidutswa ta mtengo tija tilipo mpaka lero, tikusungidwa ku British Library ku London.

Wina amene ndikufuna mumudziwe ndi mayi wotchedwa Beatrix Potter, chifukwa nkhani yake ndi ya kalulu, nyama imene inu mumaidziwa kuposa ana a ku London. Pa 4 Sepitembala 1893 mayiyu analembera kalata kamnyamata ka zaka zisanu komwe kankadwala, mwana wa mphunzitsi wake wakale. Pofuna kukasangalatsa, anasimba nthano ya kalulu wosamva dzina lake Peter, n'kujambula tizithunzi m'kalata momwemo. Patapita zaka anafuna kuti nthanoyo ikhale buku, koma osindikiza angapo anamukana. Mu Disembala 1901 anasindikiza yekha mabuku 250 ndi ndalama zake. Chaka chotsatira, 1902, kampani ya Frederick Warne inalitulutsa ndi zithunzi za utoto wa madzi, ndipo The Tale of Peter Rabbit likugulitsidwabe mpaka lero.

Chinsinsi cha Potter sichinali utoto wodula. Ankaweta akalulu pakhomo n'kumawayang'ana tsiku ndi tsiku: mmene amaimikira makutu akamva mtswatswa, mmene amakhalira pa miyendo yakumbuyo. Ankajambulanso bowa mosamala kwambiri moti zojambula zakezo akatswiri a sayansi amazilemekeza. Choncho ngakhale Peter wavala jekete, thupi lake ndi la kalulu weniweni. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wojambula amayamba ndi maso, dzanja limabwera pambuyo. Chimodzimodzinso E. H. Shepard, amene anajambula zithunzi za Winnie-the-Pooh mu 1926: anapita yekha ku nkhalango ya Ashdown kukaona mitengo yeniyeni ya kumene nthanoyo inachokera. Mapu a nkhalango amene anajambulira bukulo, pepala limodzi lokha, anagulitsidwa pamsika wa Sotheby's ku London mu Julayi 2018 pamtengo wa mapaundi 430,000. Sindikukuuzani mtengowu kuti muzilota ndalama. Ndikufuna muone kuti kuli anthu amene anasunga pepala limodzi zaka zoposa 90, osalipinda, osakulungira mandasi.

Tibwerere kwathu. Kodi nthano zathu anazijambula ndani? Mu 1939 ku London kunatuluka buku lotchedwa The Long Grass Whispers, lolembedwa ndi Geraldine Elliot. Muli nthano za Angoni a dziko lino, nthawi imeneyo likutchedwa Nyasaland, ndipo Kalulu ali momwemo ndi dzina lake lomweli. Zithunzi zake anajambula ndi Sheila Hawkins, mayi wobadwira ku Australia amene ankagwira ntchito ku England. Awiriwa anatulutsanso mabuku ena a nthano zotere, monga Where the Leopard Passes mu 1949. Ana ambiri a kunja anamudziwa Kalulu wathu kudzera m'dzanja la mayi ameneyu.

Mu 1990 ku America kunatuluka kabuku kamene dzina lake ndi mawu athu enieni: Galimoto. Analemba ndi Karen Lynn Williams, amene anakhalapo m'Malawi muno, ndipo zithunzi za utoto wa madzi anajambula ndi Catherine Stock. Nkhani yake ndi ya Kondi, mnyamata wa zaka zisanu ndi ziwiri, amene akuyendayenda tsiku lonse kufunafuna mawaya, kusitolo, kuchigayo ndi kwina, mpaka atapanga galimoto yake. Anyamata inu, ndani pano sanapangepo galimoto ya mawaya? Mwaona, manja ndi ochepa. Chinthu chimene mumachiyesa wamba, choseweretsa m'fumbi, chinakhala buku limene ana a m'mayiko akutali akhala akuwerenga zaka zoposa 30.

Koma nkhani imene imandigwira mtima koposa ndi ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake anasowa fizi ndipo anasiya sukulu ya sekondale. Ankapita ku laibulale yaing'ono ya kwawoko, kumene anapeza buku la sayansi lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta. Chimene chinamutsegulira njira ndi zithunzi ndi zojambula za m'mabuku a sayansiwo: ankaona chojambula, n'kufufuza mawu ogwirizana nacho. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake opangira magetsi ndi mphepo, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, njinga yakutha ya bambo ake, dayinamo ndi zitsulo zotola kudzala. Mwamva? Munthu wina anajambula mizere papepala kutsidya la nyanja, mizereyo n'kudzayatsa babu m'mudzi wa ku Kasungu.

Nkhani ya Kamkwamba inakhala buku la akuluakulu mu 2009, The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe analemba mothandizana ndi Bryan Mealer. Mu 2012 linatulukanso ngati buku la zithunzi la ana aang'ono. Wojambula wake ndi Elizabeth Zunon, amene anakulira ku Abidjan m'dziko la Côte d'Ivoire. Iye anapenta nkhope ndi utoto wa mafuta, koma zinthu zina zambiri anazipanga podula timapepala ta mitundumitundu n'kutimata. Apa ndiye mungamvetse bwino kusiyana kuja. Papepala loyamba la Zunon, mutayendetsa chala mungamve m'mphepete mwa kapepala kalikonse komatidwa. M'buku zonse n'zosalala. Ndipo ine ndimaona nzeru pa kusankha kwakeko: mnyamata anamanga makina ndi zidutswa zotola, wojambula nayenso anamanga zithunzi ndi zidutswa.

Mwina mwazindikira kale kanthu pa mabuku atatuwa. Nkhani ndi zathu, koma ojambula onse ndi alendo. Sindikuwanyoza ayi, anagwira ntchito yabwino, ndipo paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Komabe pali zinthu zimene diso la mwinimudzi lokha limagwira. Inu mukudziwa mmene msodzi amaimira kumbuyo kwa bwato akamakankha ndi nsungwi m'madzi osaya a Chiuta. Mukudziwa kamangidwe ka mono, ndi mbali imene nsomba imalowera. Mukudziwa kusiyana kwa mlamba ndi makumba mutangoona mutu wokha. Mukudziwa kuti nkhokwe siikhala pansi, imakhala pa miyala kapena pa mafoloko, ndiponso kuti mayi wopita kumaliro samanga chitenje ngati wopita kuukwati. Mwana wa Sitandade 1 akatsegula buku n'kupeza mtondo ndi munsi zofanana ndi za pakhomo pa amayi ake, amalandira bukulo ngati m'bale. Kuno ambiri a inu munayamba sukulu mukulankhula Chiyao, Chichewa chikukuvutani. Ndikukumbuka bwino mmene munkalozera chithunzi n'kutchula dzina lake m'Chiyao, ine n'kukupatsani la Chichewa. Chithunzicho ndicho chinali mlatho pakati pa ziyankhulo ziwirizi.

Ojambula athu alipo, ndipo akhalapo. Makolo anu amene ankawerenga Malawi News akumbukira Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja. Kay Chiromo, amene ankaphunzitsa luso la zojambula ku Chancellor College ku Zomba, anali katswiri wolemekezeka m'dziko lino. Ku Mua m'boma la Dedza kuli malo a KuNgoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene amisiri ambiri aphunzira kusema ndi kupenta. Mabuku amene muli nawo m'manjawa amakonzedwa ndi Malawi Institute of Education ku Domasi, ulendo wa tsiku limodzi kuchoka kuno kudzera ku Ntaja ndi ku Liwonde. A National Library Service anatulutsa timabuku ta ana totchedwa Werengani. Ngakhale ku Balaka pafupi pomwepa, a Montfort Media amasindikiza mabuku ndi magazini. Konseko kumafunika munthu wodziwa kugwira pensulo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mayina awo sitiwasamala. Mukapita kunyumba, funsani agogo kapena amalume amene anaphunzira m'nthawi ya Kamuzu za buku la Sosa, kapena za Timve ndi Tsala. Muona nkhope zikuwala. Akuuzani zimene ana awiri aja ankachita, mwinanso zovala zimene ankavala. Ndiye muwafunse dzina la amene anawajambula. Ochepa kwambiri angayankhe. Tinakula ndi zithunzizo, zinakhazikika m'mitu mwathu moyo wonse, koma mwini dzanja sitinamufunse. Tsopano tembenuzani buku lanu, mupite kumasamba oyambirira kumene kuli zilembo zing'onozing'ono zimene nthawi zonse mumazidumpha. Fufuzani pamene atchula ojambula zithunzi. Amene wapeza aimike dzanja, awerenge mokweza. Kuyambira lero, buku lililonse limene mutsegule m'kalasi mwanga, muziyamba mwatchula mayina awiri: wolemba ndi wojambula.

Musaganize kuti kuphunzitsa ana ndi zithunzi kunabwera ndi sitima za azungu. Ku mapiri a Chongoni ku Dedza kuli malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, anthu akale osaka nyama. Zoyera, zopakidwa ndi dothi, n'za Achewa, ndipo zambiri zinkagwira ntchito pophunzitsa atsikana pachinamwali. Kwathu kuno nakonso akuluakulu a Chiyao amadziwa za inyago, zithunzi zoumba pansi zophunzitsira anyamata. Za kundagala, kumsasa wa chinamwali cha anyamata, sitikamba m'kalasi, ndiye ndilekera pomwepa. Ndangofuna mudziwe kuti luso limeneli ndi lathu kuyambira kale. Zimene zasintha ndi zipangizo zokha: dzulo mwala ndi dothi, lero pepala ndi inki, ndipo ojambula ena tsopano amajambula pagalasi la tabuleti, moti pepala loyamba silikhalaponso, chimakhalapo ndi fayilo ya m'kompyuta. Fayilo nayo imatayika foni kapena kompyuta ikafa, ngati mwiniwake sanaisunge pawiri.

Ndili mwana ngati inu, tinali ndi mphunzitsi wina amene ankajambula yekha matchati pa makatoni otola kusitolo. Utoto wake unali makala, katondo, mwaye ndi madzi a masamba osinja. Anatijambulira ulendo wonse wa Kalulu ndi Fisi, makatoni khumi ndi awiri, ndipo ine ndinaphunzira kuwerenga pofuna kudziwa mawu amene anali pansi pa zithunzizo. Atapuma ntchito, makatoniwo anaponyedwa pamwamba pa kabati. Denga linadontha, chiswe chinamaliza zotsala. Nditabwerera pasukulupo ndili mphunzitsi kale, ndinapeza fumbi lokha. Mpaka lero zimandipweteka, chifukwa zimene zija sizinasindikizidwe paliponse. Lamulo la dziko lino limati buku losindikizidwa m'Malawi liperekedwe ku National Archives ku Zomba kuti lisungidwe. Ndi lamulo labwino. Koma ine ndikuti osindikiza mabuku, masukulu ndi mabanja a ojambula asungenso mapepala oyamba, ndipo tsiku lina aonetsedwe poyera kuti ana ngati inu mukaone ndi maso pamene katswiri anafufuta.

Kusunga kwake sikufuna ndalama zambiri. Adani a pepala ndi chinyezi, dzuwa, chiswe, mphemvu ndi makoswe. Musalipinde, musalikulunge ngati mphasa. Musalimate ndi selotepi, chifukwa pakapita zaka imasiya banga lachikasu losachoka. Musalikhome pakhoma lowombedwa ndi dzuwa, utoto umafwifwa. Liikeni chogona pakati pa makatoni awiri ouma, pamalo okwera, kutali ndi khoma la dothi. Kumbuyo kwake lembani ndi pensulo dzina lanu, mudzi wanu ndi tsiku. Bolopeni imalowerera mpaka kutsogolo.

Ntchito ya kunyumba nayi. Madzulo ano pemphani agogo kapena azakhali akusimbireni nthano imodzi, m'Chiyao kapena m'Chichewa. Sankhani malo amodzi okha m'nthanomo, pamene mtima unagunda kwambiri. Musanagwire pensulo, pitani mukaone chinthu chenicheni: ngati muli bwato, pitani kudooko, ngati muli nkhuku, khalani pansi muiyang'ane mpaka itatopa nanu. Musakopere m'buku lililonse. Amene alibe pensulo agwiritse ntchito khala losongola, ndipo mapepala ndigawa tikamaweruka, aliyense limodzi. Mukalakwitsa musang'ambe, ndikufuna kuona pamene munafufuta. Lachisanu m'mawa aliyense abwere ndi pepala lake, dzina ndi tsiku zili kumbuyo. Katoni yosungiramo ndakonza kale, ili mu ofesi ya ahedi.